Chigololo Chimene Ndinavomera Kuti Akazi Anga Akang'ambidwe

Ine sukulu ndinalekera sitandade folo, ndiye wofuna Chichewa chosita akagule nyuzi. Ndingonena mmene zinayendera, chifukwa nkhani imeneyi m'mudzi muno aliyense amaikamba, pachitsime, pamaliro, pabawo, kupatula ine mwiniwake.

Ndiyambe ndi ichi: ine kwathu kulibe. Bambo anga anachokera kummwera kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya kuno ku Mchinji, ine n'kubadwira kuseri kwa chigafa. Esitetiyo inagulitsidwa kalekale, ndipo pamene tinaika bambo lero akulimapo soya. Ndiye nditapeza mkazi ku Chiosya ndinapita chikamwini, kukakhala kwawo kwa mkazi, ndi njinga ndi kachikwama kamodzi. Zaka twente-sikisi ndili pano. Nyumba ya malata ndamanga, ana atatu ndalera mpaka onse ali pa mabanja awo, maliro a anthu awa ndanyamula mpaka phewa linazolowera. Koma ndikatsegula pakamwa pagulu amandiyang'ana ngati mbuzi yalowa m'tchalitchi.

Kuno mkazi wako si wako. Umakhala naye, umamudyetsa, akadwala umamusambitsa, koma mwini wake ndi atsibweni ake, mlongo wa mayi ake, amene amati mwini mbumba. Wa akazi anga ndi mkulu wina wamtali, mkulu wa mpingo, wovala jekete lakuda ngakhale mu Okotobala dzuwa likuswa mtengo. Baibulo lake ndi la zipi. Amayankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kugula, kamtengo ka machesi kali m'mano. Munda wake mukauona mungayese ndi podyetsera ng'ombe, koma nzeru zoyendetsera mabanja a eni ake ndiye ali nazo zodzaza nkhokwe.

Akazi anga mowa sanaulawepo, ngakhale thobwa likawawasa amalavula. Ndikunena zimenezi chifukwa anthu akangomva za chiwindi amathamangira kachasu. Iwo moyo wawo wonse ndi kudimba. Dimbalo lili kudambo la mbumba yawo, ndipo chiyambire utsikana akhala akuima m'madzi mpaka m'mawondo, kutunga ndi makheni awiri kukathirira tomato, anyezi, mpiru. Mimba inayamba kukula pang'onopang'ono, mbali ya kumanzere kulimba ngati mwaikidwa njerwa. Amayi anzawo ankawaseka kuti mwayambiranso kuyembekezera muli ndi zidzukulu. Iwonso ankaseka. Inenso ndinkaseka, chitsiru.

Kenako apongozi, mayi awo, anamwalira. Mwambo wa kuno ndi woti kuchokera tsiku loika maliro mpaka tsiku lometa, a m'banjamo onse, mwamuna ndi mkazi sakhudzana. Mphasa ziwiri. Amati wina akaphwanya, makamaka mwamuna akapita kwa mkazi wina n'kubwera ndi thupi lotentha kudzadya ndi anzake, amadwalitsa munthu m'nyumba. Matendawo ndi amene amati tsempho: kutupa miyendo, kutupa mimba, kusanza magazi. Ine zimenezi sindinkazitsutsa, sindinkazivomera, ndinkangosunga, monga mmene umavulira chipewa polowa pakhomo pa eni. Kumetako kunachedwa, chifukwa ankadikira mbale wina wa ku Chipata amene ankangoti ndibwera mawa, ndibwera mawa.

Koma tomato sadziwa maliro. Anapsa yense nthawi imodzi. Ndinamanga madengu panjinga, ulendo wa pa Kamwendo. Pamenepo ndinapeza msika wonse uli psuu ndi tomato wa ena, ndiye ndinapitirira kuboda. Masiku atatu. Ndinkagona pakhonde la sitolo, mwendo umodzi nditaukola ku njinga kuopa akuba. Ndimo mmene ndinachitira chigololo changa chotchukacho, ndi madengu.

Nditabwerako panapita masiku awiri. M'mawa tili kudimba, akazi anga anatula makheni pansi n'kunena kuti akumva nseru. Anawerama. Zimene zinatuluka sindinazionepo mwa munthu wamoyo. Si timadontho ayi. Zinali ngati pamene azingira mbuzi, ndi zoundana zakuda ngati chiwindi cha nkhuku, bedi lonse la mpiru kufiira. Anandiyang'ana ngati apalamula, n'kunena kuti pepani, ndaononga mbewu.

Ngolo mpaka kuchipatala chaching'ono, ambulansi mpaka ku boma, magazi mabotolo awiri, kenako ku Lilongwe. Kumeneko anawalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kukhosi, n'kupeza kuti mitsempha ya kum'mero, njira ya chakudya, yatupa ngati nyongolotsi zonenepa, ndipo umodzi waphulika. Anaimanga ndi timphira. Tinabwerera kumudzi.

Kumudziko ndinapeza zinthu zasintha, koma ine wogona sindinazindikire. Mkulu wawo wa akazi anga, alamu anga, mayi wa pakamwa posatseka, anayamba kubwera tsiku lililonse kudzaphikira wodwala. Ndinati abale ndi amenewa. Mbale yanga ankaiika payokha, kabotolo ka mchere anakachotsa pa shelefu n'kumakayendera m'chitenje. Ndikadutsa pamjigo nkhani zinkaduka. Ine n'kumati akundimvera chisoni. Patapita miyezi akazi anga anasanzanso, tinapitanso, anamanganso. Kachitatu anakomokera m'ngolo, ine n'kuyesa atisiya.

Ulendo wachitatuwo ndi pamene dokotala wina wamfupi, wa tindevu pang'ono, anandikhazika pansi. Anandifunsa ntchito yanga, ndinati dimba. Anati basi, ndiye inu simuvuta. Anatembenuza pepala n'kuyamba kujambula. Anati magazi onse ochokera m'matumbo amadutsa m'chiwindi, ngati madzi a m'ngalande yaikulu. Chiwindi cha amayiwa njira zake zatsekeka chifukwa cha likodzo la m'mimba, tizilombo tokhala mu nkhono za m'dambo timene timalowa pakhungu munthu akaima m'madzi, zaka ndi zaka mazira ake akuunjikana m'menemo. Tsono ngalande ikatsekeka madzi amatani? Ndinayankha kuti amabwerera, n'kukaphulitsa pamene pali pofewa. Anati ndi zomwezo. Kapamba watupa ndi magazi obwererawo, ndipo pofewa pake ndi kum'mero. Kumanga ndi timphira kuli ngati kumata ndi matope pamene paphulika, mawa paphulika pena. Chofunika n'kukumba ngalande ina. Awang'ambe pamimba, atenge mtsempha wa kapamba, aulumikize ku mtsempha wa impso, magazi apeze kolowera, kum'mero kuphwe.

Ine wa sitandade folo ndinamva kamodzi. Zimenezi ndimachita ndi khasu chaka chilichonse.

Sanandinamize. Anati opaleshoni yake ndi yaikulu, ena sadzuka. Anatinso magazi akamalambalala chiwindi, zoipa zimene chiwindi chinkasefa zina zimafika kumutu, munthu nthawi zina n'kumasokonezeka. Koma anati amayiwa ali ndi mwayi, chiwindi chenichenicho chikugwirabe ntchito, zatsekeka ndi njira zokha. Ndipo madokotala odziwa kulumikiza mitsempha imeneyi sakhalapo nthawi zonse, amabwera n'kupita, ndipo panopa akubwera. Mubwere nawo Lolemba, Lachinayi alowe. Mukaphonya sindikudziwa adzabweranso liti, ndipo kusanza kwachinayi mwina kudzathera m'ngolo. Ndinafunsa kuti asayine ndani. Anati mwini thupi, amayiwo basi, palibenso wina. Dokotala ameneyo ndi wophunzira ndithu, koma ku Chiosya sanafikeko.

Ndaiwala chimodzi. Pa maulendo atatu amenewa atsibweni aja kuchipatalako anabwera kamodzi kokha, chimanjamanja, n'kudya nthochi za wodwala. Ali pomwepo nesi anadzanena kuti amayiwa achepetse mchere, chifukwa mchere umachulukitsa madzi m'mimba. Mkulu uja anachotsa kamtengo m'mano n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Paja kuno amati matenda a tsempho amayenda ndi mchere, munthu wotentha akakhudza mchere wa m'ndiwo, odyawo amadwala. Ndiye iye m'mutu mwake anamva kuti ngakhale achipatala avomereza. Nesi akunena za madzi, iye akumva za akazi.

Titafika kumudzi Lachisanu ndinauza akazi anga kuti tichape zitenje, Lolemba tinyamuka. Anati sangapite atsibweni asanalole. Ndinakalipa. Ndinati thupi ndi lanu, dokotala wanena. Anati thupi ndi langa ndili moyo, nanga ndikafera patebulopo lidzakhala la ndani? Mayi anga agona posachedwa, ine ndikufuna ndikagone pafupi nawo, osati kutayidwa m'tauni ngati wopanda abale. Ndinawayang'ana m'maso. M'kati mwa zikope munali mbee ngati pepala. Munthu wotere sungakangane naye.

Loweruka masana tinakhala pakhonde pa atsibweniwo. Iwo pampando, ine pa njerwa, akazi anga pamphasa atatsamira khoma, alamu aja pambali pawo. Ena anangodzaima chapatali ngati akudutsa. Wondiyankhulira ndinalibe, nkhoswe yanga inali mnzawo wa bambo wa ku esiteti, anafa kale. Koma ndinapita nditakonzeka. Ndinatola nkhono kudambo m'chitini, ndinatenganso pepala lija la dokotala. Ndinafotokoza zonse, ngalande, kapamba, impso, ndikujambula pansi ndi kamtengo. Mkulu uja anandisiya ndithe. Kenako anagwedeza chitini chija ndi nsonga ya nsapato.

"Akamwini, nkhono izi ife tinakula nazo. Bwanji ine sindisanza magazi?"

Ndinati mwina chifukwa kudimba simupitako. Oima chapatali aja anaseka, ndipo kumeneko kunali kulakwa kwanga. Munthu wotere ukamuseketsa anthu, mlandu waluza.

Anayamba kutchula mfundo zake mofatsa, ngati ali paguwa. Maliro tinali tisanamete. Mkamwini anasowa masiku atatu. Atabwera, masiku awiri okha, mwana wathu magazi. Achipatala omwe anena za mchere, ndinamva ndi makutu angawa. Ndiye tikufunanso umboni wanji? Matenda a m'nyumba sachira ndi mpeni. Mizu anali atatenga kale kwa sing'anga, mkulu wa mpingo ameneyu, inali m'thumba la jekete lomwelo limodzi ndi buku la nyimbo. Koma anati mizuyo sigwira ntchito pokhapokha wolakwayo avomere ndi pakamwa pake pamaso pa abale, athire mchere ndi dzanja lake, amwetse yekha wodwalayo.

"Vomerani, amwe. Akamwa, ngati mukufunabe kukamung'ambitsa ngati nsomba, pitani naye, ife tidzakhala titachita mbali yathu. Mukakana, sachoka pamudzi pano. Mukamuba, akafera komweko, mtembo mukaike kwanu."

Alamu aja anasekera m'chitenje. Aliyense pamenepo ankadziwa kuti kwathu ndi munda wa soya.

Ndinaimirira, ndinanena mawu amene sindingalembe pano, ndinaponda chitini chija n'kumapita. Akazi anga anabwera pambuyo, akupumira panjira katatu, mtunda wa nyumba zinayi. Ndinawafunsa kuti kodi inunso mukukhulupirira zimenezi? Anati ine ndatopa, ndigone kaye.

Lamulungu kutchalitchi sindinapite, ndinati ndikamuona mkulu ameneyo akuwerenga mawu ndikapalamula. Ndinapita kukataya ndowa imene akazi anga ankadzithandizira, chifukwa kuchimbudzi sankafika. Zinali bii ngati phula la pamsewu. Dokotala anali atandiuza tanthauzo lake, kuti ndiye kuti magazi akudontha m'kati. Ndinaima kuseri kwa chimbudzi ndowa ili m'manja. Ndinaganiza zowakweza panjinga mokakamiza, koma munthu wamkulu si dengu la tomato, ndipo chala chodinda pa fomu ndi chawo. Ndinaganiza za kupolisi. Ndikanene chiyani, kuti akazi anga akumvera atsibweni awo? Ndinafufuza chimene ndili nacho pamudzi pano chimene anthu awa angachifune. Munda si wanga. Ana si anga. Chinalipo chimodzi chokha, mbiri yoti mkamwini uja ndi waukali koma za akazi ayi. Zaka zoposa twente ndinaisunga mbiri imeneyo. Ndiyo ankaifuna.

Atatuluka kutchalitchi ndinapita ndekha. Ndinati itanani anthu anu.

Anabwera ochuluka kuposa dzulo lake, ena asanavule n'komwe yunifolomu ya amayi a mpingo. Pamaliro ukawaitana kuti adzatunge madzi amachedwa, koma apa anathamanga ndi okalamba omwe. Ndinakhala pa njerwa yanga ija. Ndinati ndinalakwa, masiku atatu aja ndinagona ndi mkazi. Ndinkayesa zithera pomwepo. Ayi, ankafuna ndi ndiwo zake. Ndani? Wa kuti? Kangati? Ndinapeka pomwepo. Ndinati ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa pa Kamwendo, wa ku Zambia, wonenepa, wa mpata kumano. Mpatawo ndinangoutchula chifukwa ndinkayang'ana mpanda wothyoka.

"Ndimamudziwa ameneyo," anatero alamu. "Woyera, amavala duku lofiira. Ine ndinkakayikira kale."

Wina kumbuyo anati anationapo tikudya tchipisi. Winanso anati mayiyo ali ndi mwana wofanana nane mphumi. Mphindi faifi zisanathe, mkazi amene ndinamupanga ndi mpanda anali ndi duku, mwana ndi nyumba kuseri kwa chigayo. Ena mwa amenewa anafika fomu folo. Amati wosaphunzira ndine. Awa ndiwo anthu amene amaweruza ngati munthu akhale moyo kapena ayi.

Anabweretsa kapu ya pulasitiki, madzi a mizu ofiirira ngati a m'chithaphwi, ndi mchere pa tsamba. Ndinatsina pang'ono pokumbukira nesi uja. Mkuluyo anati wachepa, onjezerani. Ndinaonjezera. Ndinagwada pamaso pa akazi anga n'kuwapatsa. Analandira ndi manja awiri, maso ali pansi, anamwa mpaka kutha. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Kenako mkulu uja anapemphera, pemphero lalitali, lothokoza kuti choonadi chaonekera poyera. Atati ameni anatsegula maso n'kunena kuti tsopano mukhoza kupita.

Kusandiyang'ana kumeneko kunandiopsa kuposa mpeni wa dokotala. Zoti ndikavomera bodza sindinawauziretu, poopa kuti akana. Lolemba tikudikira minibasi pa Kamwendo, amayi ogulitsa zitumbuwa anali ndandanda m'mbali mwa msewu, akazi anga n'kumawayang'ana mmodzimmodzi. Mpaka ku Lilongwe osayankhulitsana.

Kuchipatala anati pakufunika anthu awiri opereka magazi. Ndinaimba foni kumudzi. A mbumba, eni ake a munthu, amene dzulo lake anadzaza bwalo, panalibe ndi mmodzi yemwe. Uyu ali ndi chizungulire, uyo akuti achipatala amagulitsa magazi. Ndinapereka ine, ndi bambo wina tenanti amene ankadwazika akazi ake pa bedi loyandikana, munthu wosamudziwa n'komwe. Anangopinda malaya n'kunena kuti tiyeni, ife obwera tikapanda kuthandizana atithandiza ndani.

Lachitatu masana nesi anabweretsa fomu. Akazi anga anadinda chala. Nesi atachoka anayamba kupukutira inki pa chitenje, n'kuyankhula osandiyang'anabe.

"Wonenepa, wa mpata kumano."

Ndisanayankhe anapitiriza.

"Inu bambo, amene mukamagula sopo kwa munthu wamkazi mumayang'ana kumbali ngati mwaba? Munabwera ndi nsikidzi za pakhonde ndi fungo la tomato woola. Mkazi wake uti angalole zimenezo?"

Ndinafunsa kuti nanga bwanji simunandiyang'ane tsiku lija. Anati ndikanakuyang'anani ndikanaseka, kapena kulira, zonse zikanawonongeka. Kenako anati koma mchere uja munachulutsa.

Lachinayi analowa dzuwa likutuluka, anatuluka litapendeka. Ine ndinakhala pa kapinga panja, osadya, ndikuzula udzu umodziumodzi mpaka mlonda anandiletsa. Dokotala wa tindevu uja anadzandipeza komweko, chipewa cha opaleshoni chidakali kumutu, n'kunena kuti bambo, ngalande yathu ikuyenda.

Patatha wiki, wodwala atayamba kukhala tsonga ndi kumwa phala, atsibweni anatulukira, jekete lomwe lija. Anayenda wodi yonse akupereka moni bedi ndi bedi ngati phungu. Anauza odwala anzawo kuti uyu ndi mwana wanga, ndinamuthandiza ndine asanabwere kuno. Chipsera sanafune kuchiona. Nthochi anadyanso.

Chaka chino ndi chachitatu. Magazi sanasanzenso ngakhale dontho. Mimba inaphwa. Chipseracho chayenda pamimba ngati mzere wa mtedza. Kudambo ndinawaletsa, ndimathirira ndekha nditavala magambutsi, anthu n'kumaseka kuti mkamwini akudziyesa bwana wa esiteti. Osekawo akuimabe m'madzi omwewo opanda nsapato. Azaumoyo akabwera ndi mapiritsi a likodzo, ambiri amathawira kumunda, ati ndi oletsa kubereka.

Tsopano funsani aliyense kuno kuti anachiritsa amayiwa ndani. Akuuzani kuti atsibweni. Opaleshoni ija ati kunali kungotaya nthawi, munthu anali atachira kale ndi kapu ija, madokotala anangotsegula n'kupeza zonse zili bwino, n'kutsekanso. Mkulu uja lero ndi katswiri. Anthu amachokera mpaka kwa Zulu kudzafunsa za tsempho, atanyamula nkhuku. Ndipo ndi iye yemweyo amene anakandinenera kumpingo. Anandiimitsa mgonero chaka chathunthu chifukwa cha chigololo, iye atakhala kutsogolo ndi Baibulo la zipi, mizu ili m'thumba. Akazi anga anayesa kuuza mkulu wawo, alamu aja, kuti zinali zopeka. Anawayankha kuti ndi mmene timachitira akazi, kubisa manyazi a amuna athu, Mulungu akudalitse. Mwana wanga woyamba wamkazi, amene ndinkamubereka kumbuyo popita kusikelo, mayi ake anamuuza zoona, anangoti chabwino. Mpaka lero akamandipatsa moni amayang'ana pansi.

Zonsezo ndikanapirira, agalu auwe. Chimene sindidzawakhululukira ndi ichi.

Dokotala uja sananame za kumutu. Sizichitika kawirikawiri, mwina pakapita miyezi, makamaka akadya nyama yambiri paukwati kapena akakhala masiku osapita kuchimbudzi. Zimayamba ndi tulo ta masana. Kenako manja amagwedezeka ngati mapiko a nkhuku, ndiwo amaika m'ndowa ya madzi, mbuzi amaiitana dzina la mdzukulu. Pali mankhwala ake amadzi otsekemera, otsegula m'mimba. Ndikawamwetsa, mawa lake kapena mkuja amabwerera, ndipo sakumbukira kanthu.

Koma masiku amenewo, mutu ukasokonezeka, zimene tinakambirana pa bedi la chipatala zimafufutika. Chimatsala ndi khonde lija, ine ndili pa njerwa, ndikunena ndi pakamwa panga. Amakhala pamphasa n'kundiyang'ana, kuyang'ana kumene sanandiyang'ane tsiku lija, misozi ikutsika.

"Bambo, anali ndani mayi ameneyo? Ndinakulakwirani chiyani ine, maliro a mayi anga tisanamete n'komwe?"

Poyamba ndinkakana. Ndinkati kulibe munthu wotero, ndinachita kupeka, inu nomwe mukudziwa. Zinkangoipiraipira. Ankalira kwambiri, ati ndikuwayesa wamisala, mankhwala n'kukana kumwa, ati ndathiramo mchere. Ndipo akapanda kumwa, tuloto timakula, mpaka kufuna ngolo. Ndiye ndinaphunzira. Tsopano ndimagwadanso. Ndimati ndinalakwa, mayiyo anabwerera kwawo ku Zambia, sadzabweranso, ndikhululukireni. Amaganiza nthawi yaitali, kenako amati chabwino, koma musadzayambirenso. Akatero amatsegula pakamwa, ine n'kuwamwetsa.

Chigololo chimenechi ndachivomera kale kaseveni. Komaliza kanali mwezi watha, masana. Ndikutuluka m'nyumba ndi supuni kuti ndikatsuke, mkulu uja ankadutsa panjinga, nkhuku ya eni ikulendewera pa handulo. Anachepetsa liwiro n'kufunsa kuti mwana wathu waswera bwanji, akamwini. Ndinati waswera. Anati tithokoze kuti munamvera. Ndinatsuka supuni ija, ndinaitsukanso, mpaka kulira kwa tcheni cha njinga kunasiya kumveka, kenako ndinalowa kukawafunditsa.